Alendo Odzadzala Mitengo pa Kasupe

Lolemba

Abwera! Awiri. Atsika pa kabaza kuchokera pa Kamwendo, majombo atsopano kumapazi, mabuku m'manja.

Wamkazi ndi Tadala, wamfupi, woyang'ana munthu m'maso. Wamwamuna ndi Yamikani, wokulira kuboda, bambo ake amayendetsa thiraki. Iyeyu sanditchula "atcheya" ngati anthu a muno, akuti "ba tcheya". Onse awiri akuphunzira za kusamala chilengedwe pa koleji ya m'dera lathu lino, ndipo sabata ino ali pa atachimenti, kuphunzira ntchito poigwira. Kalata yowapempha ndinalemba ndine, monga wapampando wa komiti ya nkhalango ya mudzi wathu.

Ndilembe pano chimene ndikufuna, kuti mawa ndisadzakane.

Kasupe wa kumunsi kwa mudzi akuuma. Amayi ankatunga pamenepo ine ndili kumsana kwawo. Panali mitengo ya katope yochititsa mdima masanasana. Ndinaidula ndine, zaka zija fodya ankatizunguza mitu, kuti ndimange zigafa. Lero ndili ndi mbande za katope mazana awiri pa nazale kuseri kwa nyumba. Ndazilera ndekha kuyambira njere. Mizu yayamba kuboola machubu. Zikapanda kulowa m'nthaka ya pa kasupe sabata ino, mvula idakalipo, zatha ntchito. Msana wanga sugwirizana ndi khasu. Anthu a muno ndawaitana katatu, kunabwera anthu awiri ndi galu.

Nzeru yanga ndi iyi: akaona ana a eni akukumba maenje pa kasupe wathu, manyazi awagwira, atenga makasu.

Ndondomeko:
- Lolemba: kuyeza malo
- Lachiwiri ndi Lachitatu: maenje
- Lachinayi ndi Lachisanu: kudzala
- Loweruka: kutchingira mbuzi
- Lamulungu: kuthokoza Mulungu

Chimene ndaiwala kuika pa ndondomeko: alongo anga aakulu, a Nangozo.

Ndikufika ndi alendo pabwalo, ndikupeza chisakasa chatsopano! Nsanamira zisanu ndi imodzi, zaziwisi, utomoni ukudontha. Kuseri kwa nyumba, bafa latsopano, nsanamira zinayi. Ndikufunsa kumene zachokera. A Nangozo: "Kunkhalango kwanu komweko, achimwene. Mumaisungira ndani ngati si alendo?"

Malonje mpaka dzuwa kupendeka. Pemphero. Kwaya. Mawu a oimira amayi. Mawu a oimira abambo. Pemphero lina, poti a mpingo winawo adandaula. Tadala akundinong'oneza: "Atcheya, kasupeyo tingakamuone?" A Nangozo amva kale: "Mlendo safika n'kuthamangira kudambo ngati ng'ombe. Khalani pansi, mayi."

Nkhuku ziwiri zafa. Mitengo khumi yagwa. Palibe kanthu, lero linali loyeza chabe. Mawa.

Lachiwiri

Tikupita kukasupe. Ndimati tipita atatu. Tikupita mudzi wonse, pamzere ngati wa ukwati: patsogolo alendo, pambuyo pawo mipando iwiri ya pulasitiki ili pamitu, ambulera, chidebe cha thobwa. Makasu atatu ndanyamula ndekha.

Kasupe ali monga ndinamusiyira: kadzenje ka madzi otuwa kokwana beseni, achule awiri akutiyang'ana ngati eni malo. Ndikuwauza ana aja mmene panalili. Kuti madzi ake ankazizira mpaka mano kuwawa. Kuti zipatso za katope zinkatidetsa malilime, ndipo tikachedwa kufika kunyumba amayi sankafunsa kumene tinali, ankangoti "tulutsa lilime." Kuti amayi ankathothola masamba n'kuyandamitsa pamwamba pa ndowa kuti madzi asatayike m'njira, ndipo madziwo ankafika kunyumba akununkhira mtengo. Tadala akulemba zonse. Kaya za lilimezo zili pa silabasi.

Ndikuwaonetsanso chuma changa: chitsa chimodzi cha katope chimene chakana kufa. Chaka chilichonse chimaphuka, mbuzi n'kudya. Chaka chino mphukira zitatu zafika m'chiuno mwanga.

Tadala akudzutsa khasu. Silinafike n'komwe pansi, a Nangozo alilanda lili m'mwamba momwemo: "Mayo! Akamve kwanu kuti munapita kwa eni akakulimitsani? Mlendo sagwira khasu! Mukufuna atiseke mpaka ku Ludzi?"

Ndikufotokoza modekha kuti awa ndi ophunzira, abwerera ntchito. A Nangozo: "Agona m'nyumba mwathu? Agona. Adya zathu? Adya. Ndiye ndi ndani?"



Ndikuyang'ana abambo a m'mudzi, kudikira manyazi aja. Kulibe. Onse akugwedeza mitu kuti zoona, mlendo salima, komanso mwininyumba sasiya mlendo ali khale n'kumakalima. Akhala pansi onse, kuzungulira mipando. Thobwa layamba kuyenda.

Chingwe choyezera a Nangozo achilola, poti chingwe si khasu. Yamikani akuyeza bwinobwino, kenako akupempha zikhomo zoika pamene padzakhale maenje: "Manje tifunako tumitengo tung'ono chabe." Abambo atatu alumpha nthawi imodzi, kukondwa kuti mlendo wapempha kanthu. Ine ndagwira nsonga ya chingwe, ndayang'ana kwina.

Ndikutembenuka: zikhomo zitatu, zowongoka, zosongoledwa mwaluso. Chitsa changa chili mbulanda.

Ndiwadzudzule bwanji? Ndinayamba ndine.

Lachitatu

Mkangano m'mamawa. Nyumba iliyonse ikufuna alendo akadye kwawo. A Nangozo akonza ndandanda, ndipo yawo ikuyenda bwino kuposa yanga.

Zimene alendo adya lero:
- 7 koloko: tiyi ndi chigumu, kwathu
- 9 koloko: phala la mpunga, kwa aphunzitsi opuma
- 11 koloko: maungu ndi mondokwa wa kudimba
- 1 koloko: nkhuku
- 3 koloko: nkhuku ina, chifukwa nyumba imeneyi siyankhulana ndi ya 1 koloko ndipo singagonje
- 5 koloko: bowa wotendera

Yamikani akulimbana nazo ngati msilikali. Lamba wasuntha kale. Akuti: "Ba tcheya, ine ninabwera kusamala chilengedwe, koma kuno chilengedwe chisamala ine." Tadala akutafuna pang'onopang'ono, maso ali kumunsi kwa mudzi.

Zonsezi zapsa ndi nkhuni. Mthethe wa panjira ya kudambo wagwa. Akuti unali utauma kale mbali imodzi. Za mbali inayo sanandiuze.

Masana, anthu ali pa nkhuku yachiwiri, ndikuzemba ndekha ndi khasu. Dzenje limodzi, mpaka theka. Msana: khwa! Ndikubwerera nditapindika ngati chikwakwa. Akazi anga akundisisita ndi mafuta, akuti: "Alendowa munawalengeza nokha kutchalitchi, mutavala jekete ndi tayi. Mumati anthu atani?"

Sindikwiya nawo anthuwa. Sindingathe. Ndaona mayi wina wamasiye, yemwe ndikudziwa kuti m'nyumba mwake ufa uli pansi pa thumba, akuyala nsalu yake ya kutchalitchi pa mpando kuti Tadala akhalepo. Ndimuuze chiyani? Kuti asiye ulemu akakumbe dzenje?

Dzuwa likulowa, Tadala wapulumuka, wabwera pa nazale. Akunyamula chubu chimodzi. Chikukana, mizu yagwira pansi. Masamba a m'munsi ayamba chikasu. "Atcheya, izi sizidikira."

Ndikudziwa, mwana wanga.

Tapangana. Mawa kukangoyera, mudzi usanadzuke.

Lachinayi

Makasu kulibe! A Nangozo anawasonkhanitsa dzulo n'kuwatsekera m'nyumba mwawo, akuti kuopa dzimbiri.

Zida zimene tapeza:
- kakhasu ka kudimba ka akazi anga (atipatsa nkhope ili kukhoma, akuti sanaone kanthu)
- chikwanje
- mbale yakale yodyera agalu

Ola lokoma kuposa onse sabata ino. Mame, nkhungu pa dambo, njiwa zikulira. Tadala akukumba ngati anabadwa nalo khasu, dothi lakuda lapamwamba mbali iyi, lofiira lapansi mbali iyo, kuti pokwirira lakudalo liyambe kulowa ku mizu. Zaka zonsezi ndakhala ndikusakaniza. Yamikani akufukula ndi mbale, akuimba nyimbo ya kuboda imene sindikuimva bwino. Ine dzanja limodzi pa chingwe, lina pa msana. Fungo la dothi lonyowa lija! Ndikutsinzina pang'ono, ndikumva ngati ndowa ya amayi ikugunda pamwala.

Ndi ndowa ndithu. Si ya amayi.

Ndaiwala kuti kasupe m'mawa ali ndi eni ake. Ine, wolalikira za amayi otunga madzi! Amayi anayi aima pamtunda, manja pakamwa. Nkhani yafika kumudzi ife tisanafike.

Maenje atatu, kuphatikiza langa la dzulo.

Choipitsitsa: Tadala ali ndi thuza pachikhatho. Limodzi. Longa njere ya nyemba. Mudzi wonse wabwera kudzaliona, pamzere, wina n'kubwereranso kumapeto kwa mzere kuti aonenso. Mankhwala amene aperekedwa: madzi otentha a mchere, mafuta a nsatsi, vaselini, pemphero. Dzanja lamangidwa chitenje chathunthu.

Tadala: "Anti, manja angawa anazolowera."

A Nangozo: "Anazolowera kwanu."

Kenako kwa ine, misozi yeniyeni ili m'maso: "Mwana wa eni, wopanda ngakhale tiyi m'mimba! Amayi akanakhalapo mukanachita zimenezi, achimwene?"

Pamenepo ndagonja. Chifukwa amayi omwewo, a kasupe aja, ndi amene tsiku lina anapha thadzi lathu limodzi lokhalo kuphera munthu amene anangoima kufunsa njira ya ku Kachebere. Munthuyo anakhala masiku atatu. Ife tinalira thadzilo mwezi wathunthu, amayi akuti, "Nkhuku tidzaweta ina. Akapita nalo dzina loipa, tidzaligula kuti?"

Ndimafuna kukumbukira amayi ndi mitengo. Alongo anga akuwakumbukira ndi nkhuku. Tonse ndife ana awo.

Chigamulo: alendo apume mpaka Loweruka.

Lachisanu

Mvula yamvumbi kuyambira m'mawa, yosakokolola, yolowa pansi mwaulemu. Mvula yodzalira mitengo yeniyeni! Ife tili pakhonde, kuionera.

Yamikani wagona pamkeka, phala lamugonjetsa. A Nangozo adutsa kawiri kudzaona ngati thuza likupuma bwino.

Tadala, dzanja lili mu chitenje ngati wankhonya, akundiuza za kwawo. Amayi ake amagulitsa makala m'mbali mwa msewu pa Kamwendo. Iye wakula akuthira makalawo m'timajumbo, kusukulu n'kumapita zikhadabo zili bii. Akuti: "Ine ndakula ndi mitengo yakufa, atcheya. Ndimafuna ndione kuti yamoyo imayamba bwanji."

Ndikumuuza za zigafa zanga. Kuti ndinadula katope womaliza Loweruka lina, amayi ali moyo, ndipo sanandikalipire. Anangopita kukatunga madzi tsiku lotsatira, n'kubwera ndowa ilibe masamba pamwamba, madzi atawanyowetsa msana wonse. Bola akananditukwana.

Mvula ikugwabe.

Tadala akundionetsa fomu yawo. Pali malo olemba chiwerengero cha mitengo yodzalidwa, pansi pake posaina ine ndi poika chidindo cha komiti. M'buku lake, pa Lachitatu, walemba kuti: "Kuphunzira chikhalidwe cha anthu, kasanu ndi kamodzi."

Kenako akufunsa: "Kodi muno mlendo amaloledwa chiyani?"

Ndikuwerenga pa zala. Kudya. Kukhala pansi. Kuyamikira ana kuti akula. Kuthokoza. Kusiya kamphatso potsazika.

"Mphatso ya mlendo amaikana?"

Kukana? Chimenecho ndi chipongwe choti adzakuimba nacho nyimbo pamtondo.

Maso ake awala. Nzeru yake ndi iyi: mawa pa phwando lotsazikana, iye ndi Yamikani apereka mbande zanga ngati mphatso, nyumba iliyonse zinayi kapena zisanu, n'kupempha kuti tonse titsike nazo kukasupe tikadzale. Mlendo sagwira khasu, chabwino. Agwira ndi eni mphatso.

Ndaseka mpaka msana kuwawa. Nzeru za ku koleji! Ndani anati ana a masiku ano sadziwa mwambo? Uyu waulowera kukhomo lakumbuyo.

Tamudzutsa Yamikani kumuuza. Akuti: "Ni zabwino maningi. Kuli nkhuku?"

Loweruka

Kwacha bwino. Chisakasa awonjezera, nsanamira zina zinayi. Sindinafunse.

Mbande zafika pabwalo m'mawilibala atatu, zobiriwira, zikugwedeza mitu ngati ana opita kukabatizidwa.

Tadala wagwada pakati pa bwalo. Akuthokoza nyumba ndi nyumba, kutchula chimene anadya pa iliyonse, osaphonya. Nyumba ya 1 koloko ndi ya 3 koloko azitamanda mofanana ndendende. Mwana uyu adzafika patali. Kenako mphatso. Anthu akulandira ndi manja awiri, nthungululu zili wee! Abambo amene anandikana katatu afungatira mbande zanga ngati makanda.

Akumaliza: "Ndiye makolo anga, tiyeni titsike nazo kukasupe tikadzale limodzi."



A Nangozo aimirira, akumanga chitenje bwinobwino: "Mwana wayankhula mwaulemu, koma ndi mwana. Mphatso ya mlendo kukaitaya kutchire kuti mbuzi zidye? Ife si anthu otero. Mphatso imakhala pakhomo, kuti mwini wake akadzabweranso adzaione."

M'manja! M'manja mwamphamvu!

Wina akufunsa Yamikani kuti mtengo umenewu umakonda malo otani. Ndikumuphethira diso. Sakundiona. Mwana wachilungamo, akuyankha za m'buku: "Ufuna pamene pali madzi maningi, tsiku na tsiku."

Mawu a mayi wina kumbuyo: "Kuseri kwa bafa!"

Basi.

Makasu atuluka. Makasu! Sindimadziwa kuti mudzi uno uli ndi makasu ochuluka chonchi. Khomo la a Nangozo latseguka, ena akutuluka pansi pa mabedi, ena kudenga. Amuna, akazi, agogo, aphunzitsi opuma atavula jekete. Mpikisano wa amene akumbe dzenje lokongola. Ana a koleji akuthamanga nyumba ndi nyumba, poti kuyankhula si khasu: "Ng'ambani chubu kaye! Dothi lakuda liyambe!" Zonse zimene ndinalota sabata yathunthu zikuchitika pamaso panga, mwachangu, mwaluso, mokondwera.

Ndaima pakati pa bwalo. Mbande zanga zikupita kum'mawa, kumadzulo, kumtunda. Kumunsi, kukasupe, ngakhale imodzi.

Za kwathu akazi anga adzala kale kuseri kwa bafa latsopano lija.

Tadala wabwera, akupuma wefuwefu, akulephera kundiyang'ana m'maso koyamba sabata ino. "Pepani, atcheya." M'manja mwake muli mbande yotsalira pansi pa wilibala, yopinimbira, ya masamba anayi. Ndikuidziwa. Inamera mochedwa, ndinatsala pang'ono kuitaya. Wagwada, akundipatsa.

Ndalandira mbande yanga yomwe ndi manja awiri. Ndathokoza.

Fomu ndasaina. Mitengo yodzalidwa: mazana awiri, kuchotsapo imodzi. Malo: m'mudzi. Palibe bodza. Chidindo: phaa!

Lamulungu

Tatuluka m'tchalitchi, akabaza akudikira kale. Katundu wa alendo: nkhuku zamoyo zinayi, maungu, mtedza, chigumu cha panjira. Pomaliza a Nangozo akutulutsa mphatso yawo: makasu awiri atsopano, mipini yosemedwa dzulo, yoyera mbee.

"Mukalimire kwanu."

Mipini ija ndikuidziwa kumene yachokera. Ndasiya kufunsa.

Yamikani: "Ba tcheya, chaka chamawa mutiitanenso. Nizabwera na lamba wina." Tadala wandigwira dzanja, thuza lauma: "Chitsa chija chiphukanso. Muchitchingire ndi minga." Amayi atatu akulira. Njinga zakhota pa mango, nkhuku zikulendewera.

Mudzi uli zii. Chisakasa chaima chokha pabwalo, masamba akufota.

Ndiye sabata yatha motere. Zaka makumi awiri zikubwerazi mudzi uno udzakhala ndi mabafa a mthunzi wabwino kuposa onse mu Mchinji. Anthu azidzasamba akudya katope. Kasupe, achule.

Masana ndikutsika ndi kambande kanga, pang'onopang'ono, msana ukundiwerengera mapazi. Khasu ndilibe, ndatenga mbale ya agalu ija. Maenje atatu aja mvula yawakwirira theka. Ndikugwada movutikira. Ndikuti, pepani amayi, ndinati ndibweretsa mazana awiri.

Kumbuyo kuli mapazi.

A Nangozo. Akadali ndi zovala za kutchalitchi, khasu paphewa, kanthu kabisidwa m'chitenje. Akutulutsa: mbande. Dzulo anadzala zinayi, iyi anaibisa kuseri kwa mtsuko.

Ndikutsegula pakamwa kuti ndifunse za mphatso ya mlendo ndi kutchire.

"Ukuyang'ana chiyani, iwe? Anali amayi ako wekha?"

Sananditchule "iwe" kuyambira tsiku la ukwati wanga.

Ndikutambasula dzanja kuti andipatse khasu. Alikoka. "Ndi msana umenewo? Khala pansi."

Ndakhala pa chitsa chija. Akufukula maenje awiri, dothi lakuda mbali iyi, lofiira mbali iyo. Anaona liti? Akung'amba machubu, akutsendera ndi chidendene, akutunga madzi otuwa aja ndi mbale ya agalu, kuthirira. Akudula minga kutchingira mbande zonse ziwiri, ina n'kundiponyera: "Tachokapo, titchingire ndi chitsa chakocho." Dzenje lachitatu tangolisiya.

Achule akutiyang'ana.

Mitengo iwiri, pa mazana awiri. Ndikuwauza a Nangozo kuti ndi yochepa. Akupukuta manja pa chitenje, akuyang'ana timasamba tija, akuti: "Amayi ankapha nkhuku ngakhale mlendo akhale mmodzi."